Nkhope Zimene Tiziona pa Masitampa

Nkhani yathu lero ndi ya kanthu kakang'ono, kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu, kamene ambiri a ife takanyambitapo ndi kukamata pa envulopu osakayang'ana kawiri. Ndikunena sitampa. Inu amene mudakali ndi makalata akale m'sutukesi, kaya a bambo amene adapita ku migodi ya ku Joni, kaya a mwana amene adali pa sukulu yakutali, muwatulutse tsiku lina muyang'ane pangodya. Kawirikawiri mudzapezapo nkhope ya munthu. Tsono funso langa ndi ili: munthuyo adafikapo bwanji pamenepo, nanga adamuikapo ndani?

Tiyambire ku Mangalande, pakuti ndiko kudabadwira sitampa. Chisanafike chaka cha 1840, wolipira kalata kumeneko nthawi zambiri adali woilandira, osati woilemba, ndipo mtengo wake udali kutsata kutalika kwa ulendo ndi kuchuluka kwa mapepala. Kalata ya pepala limodzi yochokera ku London kunka ku Edinburgh idali kudya sheleni imodzi ndi kobiri limodzi ndi theka, ndalama yowawa ndithu kwa munthu wa ntchito ya manja. Amphawi nawo adapeza nzeru zawo. Mwana wa kutali ankalemba tizizindikiro kunja kwa kalata tosonyeza kuti ali moyo. Mayi wake poilandira ankaitembenuza uku ndi uku, kenaka n'kuibweza kwa mtengatenga, nati ndalama alibe. Uthenga wafika, boma lanyamula kalata ulere.

Amene adaona kuti makonzedwe otere ngopanda nzeru adali mphunzitsi, dzina lake Rowland Hill, wobadwa mu 1795 ku Kidderminster. Ine amene ndidaphunzirako ntchito ya uphunzitsi ndimanyada pang'ono potchula zimenezi. Hill adachita chimene aphunzitsi auza ana tsiku ndi tsiku: adakhala pansi nachita samu. Adapeza kuti kunyamula kalata imodzi kuchokera ku London kufikira ku Edinburgh kudali kudyera boma gawo limodzi lokha la magawo 36 a kobiri. Ndalama zambiri zidali kuthera pa makalaliki owerenga mapepala ndi mamailosi, ndiponso pa amtengatenga oima khomo ndi khomo kulindira malipiro. Mu 1837 adasindikiza kabuku kofotokoza maganizo ake: mtengo ukhale umodzi m'dziko lonse, ukhale wotsika, wolemba kalata alipiriretu, ndipo umboni wa malipirowo ukhale kapepala kopakidwa zomatira kumbuyo kwake. Akuluakulu a positi adamnyoza, koma amalonda adamthandiza, ndipo Nyumba ya Malamulo idavomera. Pa 10 Januwale 1840 mtengo wa kobiri limodzi udayamba, ndipo pa 6 Meyi chaka chomwecho sitampa yoyamba ya pa dziko lonse lapansi, yakuda, imene aitcha Penny Black, idayamba kugwira ntchito. Adasindikiza masitampa otere oposa 68 miliyoni, ndipo m'chaka chimodzi makalata adachuluka kuposa kuwirikiza kawiri.

Pa sitampayo adaikapo mutu wa Mfumukazi Victoria. Ulemu udalipo, inde, koma padalinso chifukwa china. Okonza adadziwa kuti diso la munthu lizindikira msanga nkhope imene lidaizolowera. Wakuba wofuna kupanga sitampa yonyenga akaphonya pang'ono mphuno kapena mlomo, aliyense adzaona kuti pena palakwika. Chithunzicho adachitenga pa mendulo imene William Wyon adaipanga mu 1837, potsata maonekedwe a Victoria ali namwali wa zaka 15. Ndipo taonani chodabwitsa: Mfumukaziyo idakalamba, idakhala ndi zidzukulu, nimwalira mu 1901 ili ndi zaka 81, koma pa masitampa a ku Mangalande idakhalabe namwali kufikira tsiku lomaliza. Ku Canada ndiko adalimba mtima mu 1897 kuionetsa monga idaliri, nkhalamba yovala zaumasiye.

Popeza panthawiyo padalibe dziko lina lokhala ndi masitampa, Angelezi sadaone chifukwa cholembera dzina la dziko lawo. Pambuyo pake maiko adagwirizana m'bungwe la zamakalata limene lidakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, ndipo lamulo lake lero n'lakuti sitampa ikhale ndi dzina la dziko. Koma Mangalande yokha adaisiya, mutu wa mfumu ndiwo dzina lake. Chiyambire 2023 mutuwo ngwa Mfumu Charles III.

Koma nkhope ya mfumu pa sitampa ili ndi vuto lake. Sitampa ikagwira ntchito ayenera kuidinda ndi chidindo kuti isagwirenso ntchito kachiwiri, ndiye kuti kalaliki wamba amenya nkhope ya mfumu ndi inki m'mawa ndi madzulo. Inu mafumu amene mukumva, mungalole zotere? Ku Brazil, kumene adayamba masitampa mu 1843, sadaikepo nkhope ya mfumu yawo Pedro II, ndipo anthu anena kuti chifukwa chake chidali chomwechi. Adangolembapo manambala akuluakulu, 30, 60 ndi 90, mkati mwa chozungulira chimene anthu adachifanizira ndi diso la ng'ombe. Pedro adaoneka pa sitampa mu 1866. Mfumu Ferdinand II ya ku Sicily idachenjera mwa njira yina. Mu 1859 idalola kuti nkhope yake iikidwe, koma chidindo adachipanga ngati mphuthu ya chitseko, choti chizungulire mutu m'mbali osaukhudza. Kalaliki wa manja onjenjemera ayenera kuti adali kuvutika.

Ku Amereka kudalibe mfumu, kotero kuti funso lakuti aike yani lidafuna kuliganizira. Mu 1847 adatulutsa masitampa awiri. Pa ya masenti 10 adaikapo George Washington, mtsogoleri woyamba wa dzikolo, ndipo pa ya masenti 5 adaikapo Benjamin Franklin, wosindikiza mabuku ndi wofufuza za mphezi, amene adali mkulu woyamba wa positi ya dzikolo mu 1775. Onse awiri adali atamwalira kalekale. Apa padayambira mwambo wina, wakuti sitampa ingathe kukhala chikumbutso cha ntchito ya munthu, osati chizindikiro cha wolamula chokha.

Kuipa kwa kudzilemekeza wekha kudaoneka kwa Charles Connell, mkulu wa positi wa ku New Brunswick, dziko limene lero lili chigawo cha Canada. Mu 1860 dzikolo lidali kusiya masheleni kuyamba masenti, ndipo Connell adapita ku New York kukaitanitsa masitampa atsopano. Atafika masitampawo, anthu adapeza kuti pa ya masenti 5, yomwe ndiyo ya makalata a tsiku ndi tsiku, palibe Mfumukazi, pali Connell mwini wake ndi ndevu zake. Dziko lonse lidaseka, akuluakulu anzake adakwiya, sitampayo adaikana isanagulitsidwe, ndipo iye adatula pansi udindo. Pang'ono chabe ndi amene adapulumuka, ndipo lero osunga masitampa amawagula pa mtengo waukulu. Tisamuseke kwambiri: anthu a kwawo adamkhululukira, namsankha mu 1867 kukawaimira ku Nyumba ya Malamulo ya Canada.

Tsopano ndifike pa anthu amene nkhani zawo zindigwira mtima koposa, amene adayamba pansi penipeni. Booker T. Washington adabadwa kapolo mu 1856 ku Virginia. Ukapolo utatha adagwira ntchito pa ng'anjo za mchere ndi m'migodi ya malasha ali mwana, naphunzira kuwerenga movutikira, ndipo mu 1881 adayamba sukulu ya Tuskegee ku Alabama, kumene ana a akapolo adaumba okha njerwa, namanga okha nyumba zophunziriramo. Adamwalira mu 1915. Kuyambira 1847 kufikira 1940, zaka 93, Amereka adali asanaikepo munthu wakuda pa sitampa kuti amlemekeze ndi dzina lake. Mkulu wina, Richard R. Wright, amene nayenso adabadwa kapolo nadzakhala mwini banki ku Philadelphia, adalimbikira zaka zingapo kupempha Pulezidenti Franklin Roosevelt, munthu amene adali wokonda kusunga masitampa. Pa 7 Epulo 1940 sitampa ya Booker Washington idayamba kugulitsidwa ku Tuskegee komweko. Koma muone ichi: adamuika pa ya masenti 10, pamene kalata wamba idali kudya masenti 3, motero nkhope yake siidalowe m'nyumba zambiri monga ikadachitira. Khomo lidatseguka, koma pang'ono. George Washington Carver, katswiri wa zaulimi wa pa Tuskegee pomwepo, amene adaphunzitsa alimi osauka kubzala mtedza ndi mbatata m'nthaka yoguga ndi thonje, adamuika pa ya masenti 3 mu 1948. Mayi woyamba wakuda, Harriet Tubman, amene adathawa ukapolo nabwerera kambiri kukatulutsa anzake, adalindira kufikira 1978.

Nkhani ya Mahatma Gandhi njodabwitsa koposa. Munthu ameneyu adakhala ku South Africa kuyambira 1893 mpaka 1914, ndipo m'chaka chake choyamba adamtulutsa m'sitima ya pamtunda pa Pietermaritzburg chifukwa cha khungu lake. Atabwerera kwawo ku India adatsogolera anthu kukana ulamuliro wa Angelezi popanda kunyamula chida, ndipo boma lidamtsekera m'ndende mu 1922, mu 1930, mu 1942, ndi nthawi zinanso. India adalandira ufulu mu 1947, ndipo akuluakulu adayamba kukonza masitampa omlemekeza akali moyo. Koma pa 30 Januwale 1948 adamuombera ndi mfuti akupita ku mapemphero, choncho masitampa a chikondwerero adasanduka a maliro. Adatuluka anayi pa 15 Ogasiti 1948, ndipo pa ena mwa iwo adalembapo mawu akuti Bapu, ndiko kuti Atate, m'zilembo za Chihindi ndi za Chiurdu. Chimene chikadamseketsa mwini wake n'chakuti munthu amene adaphunzitsa Amwenye kuomba okha nsalu zawo ndi kukana katundu wakunja, masitampa ake adakasindikizidwa ku Switzerland.

Nanga Angelezi? Iwo, ngakhale adayamba ndiwo, adachedwa koposa ambiri kutsegula khomo. Kwa zaka 124 palibe munthu wosakhala wa banja lachifumu amene adalemekezedwa ndi nkhope yake pa sitampa yawo. Woyamba adali William Shakespeare, mu 1964, patapita zaka 400 chibadwire chake. Winston Churchill adatsata mu 1965, chaka chimene adamwalira. Ndipo mu 1969, pokumbukira zaka 100 za kubadwa kwa Gandhi, positi ya ku Mangalande idatulutsa sitampa ya sheleni imodzi ndi makobiri 6 yokhala ndi nkhope yake, yojambulidwa ndi Mmwenye, Biman Mullick, ndi mutu wa Mfumukazi Elizabeth II uli pangodya. Mkaidi wa agogo ndi wa bambo ake a Mfumukaziyo adakhala naye pa kapepala kamodzi, zaka 27 zokha chimtsekere komaliza. Rowland Hill mwini wake, amene adamwalira mu 1879 naikidwa m'tchalitchi cha Westminster Abbey momwe mudagona David Livingstone, adalindira mpaka 1979 kuti dziko lake limuike pa chinthu chimene adayambitsa.

Monga nkhope ikwera pa sitampa, itsikanso. Ku Jeremani, m'zaka za nkhondo yachiwiri, makalata ambiri adali kunyamula mutu wa Adolf Hitler. Atagonja Ajeremani mu Meyi 1945, m'mizinda ina mudalibe masitampa ena, ndipo akuluakulu a positi adatenga akale omwewo nadetsa nkhopeyo ndi inki, ena ndi chotsekera botolo choviika m'utoto wakuda, n'kumagulitsa. Chimene mfumu ya ku Sicily idaopa chidamgwera iyeyu mokwanira.

Ku Ghana mkangano udali wa mtundu wina, ndipo uyenera kuuganizira mofatsa, pakuti mbali zonse zidali ndi mfundo. Dzikolo litalandira ufulu pa 6 Malichi 1957, masitampa ake oyamba adali ndi nkhope ya Kwame Nkrumah. Otsutsana naye adadandaula kuti Nduna Yaikulu ikudziyesa mfumu, pamene m'dzikomo muli mafumu enieni, monga ya Aashanti. Nkrumah adayankha m'nyuzi ya ku London chaka chomwecho, ndipo mfundo yake idali yakuti ambiri a anthu ake sadziwa kuwerenga; munthu wa kumudzi adzakhulupirira kuti ufulu wafikadi akaona Mwaafirika mnzake pa ndalama ndi pa sitampa pamene kale padali Mzungu. Kunena zoona mfundoyi njolimba, ndipo ndani mwa ife amene adaphunzitsapo kumudzi angaikane? Komabe otsutsa aja sadalakwe kwenikweni, pakuti chizindikiro cha dziko chikakhala nkhope ya munthu wamoyo, chigwa naye pamodzi. Mu Febuluwale 1966, Nkrumah ali pa ulendo wa ku Asia, asilikali adalanda boma, ndipo ndalama zatsopano za mu 1967 zidatuluka zopanda nkhope yake. Patapita zaka, Ghana adambwezeranso pa masitampa ndi pa ndalama.

Olemekeza nawonso aphonya nthawi zina. Pa chisumbu cha St Kitts, mu 1903, adajambula Christopher Columbus akuyang'ana mtunda ndi galasi loonera kutali, chinthu chimene chidapangidwa patapita zaka 100 iye atamwalira. Afalansa mu 1937 adalemba molakwa dzina la buku la René Descartes, nasindikizanso sitampayo. Ku Jeremani wa Kum'mawa, mu 1956, adaika nkhope ya woimba Robert Schumann pamwamba pa nyimbo ya Franz Schubert. Koma Afalansa omwewo adachita chinthu chokoma mu 1938: pa sitampa ya Pierre ndi Marie Curie, amene adatulukira radium zaka 40 m'mbuyo mwake, adaonjezapo kandalama pang'ono kothandiza nkhondo yolimbana ndi nthenda ya khansa. Ulemu wotere, umene uchiritsa odwala, ine ndiuyesa wopambana.

Ndisanatsirize tibwere kwathu kuno, pakuti mbiri yomweyi idapita pakhomo pathu. Masitampa oyamba a dziko limene lero ndi Malawi adatuluka mu 1891. Adali a kampani ya Cecil Rhodes, odindidwa zilembo B.C.A. Pambuyo pake padabwera mitu ya mafumu a ku Mangalande, wina ndi mnzake. Mu 1953 Northern Rhodesia adaika Rhodes pa masitampa pokumbukira zaka 100 za kubadwa kwake, ndipo mu 1955 boma la Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland lidaika David Livingstone pa sitampa ya sheleni imodzi pamodzi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, amene adawaona mu Novembala 1855. Livingstone ndimlemekeza, ndipo nkhondo yake yolimbana ndi malonda a akapolo siidzaiwalika m'mbali mwa Shire ndi Nyanja. Koma ku mathithiko sadafikeko yekha. Adamtengera Akololo a Mfumu Sekeletu, ndiwo adapalasa bwato kumfikitsa pa chisumbu cha pakamwa pa phompho, ndipo pa sitampayo iwo palibe.

Chitaganya chidatha pa mapeto a 1963. Pa 6 Julayi 1964 masitampa a ufulu wa Malawi adaonetsa Dr. H. Kamuzu Banda, ndipo pa 24 Okutobala a Zambia adaonetsa Dr. Kenneth Kaunda. Chaka chotsatira padatuluka nkhope imene zaka khumi m'mbuyomo palibe kalaliki wa positi akadaiyembekeza. John Chilembwe adapita ku Amereka mu 1897, naphunzira ku Virginia, kwawo kwa Booker Washington, ndipo atabwerako mu 1900 adamanga mishoni yake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pa 23 Januwale 1915 adaukira boma la Atsamunda. M'masiku owerengeka adaphedwa, otsatira ake ambiri adanyongedwa kapena kumangidwa, ndipo tchalitchi chake cha njerwa asilikali adachiphwasula. Kwa zaka zambiri dzina lake m'mabuku a boma lidali la chigawenga. Mu 1965, zitakwana zaka 50, Malawi adatulutsa masitampa okhala ndi nkhope yake ndi tchalitchi chija, ndipo ena mwa masitampawo adanyamula makalata kunka ku London. Kum'mwera nako zidatero: Nelson Mandela, atakhala m'ndende zaka 27, adaoneka pa masitampa a South Africa pa 10 Meyi 1994, tsiku limene adalumbira kukhala Pulezidenti.

Masiku ano makalata achepa, pakuti uthenga uyenda pa lamya ya m'manja, ndipo ana ambiri sadanyambitepo sitampa. Chifukwa chake inu ana a sukulu, mukapeza makalata akale aja, muyambe mwapempha kwa eni ake, ndipo musamatule sitampa ndi chikhadabo, pakuti ing'ambika ndi kuthothoka mano ake a m'mbali. Dulani envulopu mozungulira ndi sizasi, muviike kachidutswako m'mbale ya madzi ozizira kufikira sitampa itamatuka yokha, muiyanike chafufumimba pa pepala loyera, ndipo ikauma muipanikize m'kati mwa buku lolemera. Koma envulopu ikakhala yakale kwambiri, ya chidindo chooneka bwino dzina la malo ndi tsiku, musaidule konse. Isungeni yathunthu, ndipo mupite nayo kwa aphunzitsi akuthandizeni kupeza pa mapu kumene idachokera.